Sabata Imene Tinabisa Maliro ku Balga

Ana anga, mutu uno ndauyamba kanayi. Maulendo atatu oyamba ndinkafika pakati n'kupeza kuti ndayamba kudzichitira umboni wabwino, ndiye ndinkang'amba pepala. Mayi anu akuti ndikapitiriza chonchi mapepala atha m'nyumba buku lisanathe. Tsono lero ndingonena monga zinachitikira. Ndi nkhani ya munthu amene anandikhulupirira, ndi masiku anayi amene ndinamubisira imfa ya amayi ake.

1979: Makiyi

Ntchito yanga yoyamba inali pachipatala cha odwala matenda a maganizo kwathu ku Malawi, kumene aliyense ankangokutcha kuti kumisala. Pakalata anandilemba kuti wothandiza odwala, koma chida chimene anandipatsa tsiku loyamba chinali mpukutu wa makiyi. Mankhwala akatha, ndipo ankatha kawirikawiri, makiyiwo ndiwo ankakhala mankhwala. Sukulu ndinali nditalekezera Fomu 2, ndiye ndinkawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, nyuzipepala zokulungira usipa, mpaka buku lina lopanda chikuto limene dokotala wina anaiwala pawindo. Bukulo linali la matenda a maganizo. Ndinaliwerenga mwakhama moti pofika kumapeto ndinali nditadzipeza ndi matenda asanu ndi awiri mwa olembedwamo, awiri mwa iwo a amayi ongobereka kumene. Chimene buku silinandiuze ndinachiona pageti. Abale ankabweretsa wodwala atamumanga manja ndi chingwe, n'kulembetsa dzina la mudzi wabodza kuti tisadzawapeze. Munthu ankachira n'kukhalabe nafe zaka, poti kunalibe komubwezera. Kuyambira pamenepo ndinkati mumtima, munthu wotere ayenera kuthandizidwa kwawo, pakati pa anthu ake. Ndimakhulupirirabe zimenezo, koma sindizinenanso mofuula ngati kale.

2006 mpaka 2019: Welshpool, kenako Midland

Ku Perth tinabwera chifukwa mayi anu anapeza ntchito ya unamwino. Ine ndinabwera ngati katundu wawo. Zaka zitatu ndinanyamula makatoni m'mafakitale a ku Welshpool, mapepala anga a kwathu atawayang'ana n'kundibwezera mwaulemu. Ndinalowanso m'kalasi imvi zitayamba kale, ndinapeza satifiketi, ndipo bungwe lina la ku Midland linandilemba ntchito yoyendera odwala maganizo m'makomo mwawo. Dzina la bungwelo ndalisiya dala, chifukwa cholakwa chimene ndikufuna kunena ndi changa, si chawo. Ntchito yake inali yosavuta kufotokoza: ugogode, ukhale pansi, umve. Uone ngati munthu wadya, wasamba, wamwa mankhwala, ndipo tsiku la dokotala upite naye. Kunalibe makiyi. Ndinkayendetsa kagalimoto koyera ka bungwe kuchoka ku Midland mpaka ku Balga nditawongola khosi ngati nduna.

Bwana wanga anali a Maureen, namwino amene anakalambira m'mawodi a maganizo, wamfupi, wosuta fodya kuseri kwa ofesi ngakhale chaka chilichonse ankalengeza kuti asiya. Anandiletsa kuwatcha bwana, ndiye pakamwa ndinkati Maureen, ubwanawo ndikuusunga mumtima. Ofuna thandizo anali ochuluka kuposa manja athu, ndipo munthu ankadikira miyezi asanagogodedwe. Koma pamndandanda wa odikirawo mayina a kwathu sankaoneka. Tsiku lina a Maureen anandifunsa kuti, “Kodi anthu akwanu sadwala?” Ndinati, “Amadwala, koma amadwalira m'bafa, mpope uli wotsegula kuti ana asamve.” Wina ankaopa kuti zikalembedwa m'fayilo zimuwonongera viza. Wina ankaopa kuti pofika Lamulungu tchalitchi chonse chikhala chitadziwa. Ambiri anauzidwa kuti apemphere kwambiri, ndipo anapempheradi.

A Yohane Chisale anali wowotcherera zitsulo ku Welshpool, bambo wa zaka za m'ma fote, woimba besi m'kwaya ya tchalitchi chathu. Mu 2019 analeka kupita kuntchito, analeka kulankhula, ankangogona m'chipinda makatani ali otseka. Tsiku lina Mayi Chisale anapeza kalata imene amuna awo analemba yotsanzika banja, ndipo anathamangira nawo kuchipatala. Atatuluka anawatumiza kwa ife. Anakumana ndi anzanga katatu, katatu konse akungoti inde, ayi, zikomo. Wotanthauzira anamukana. Anati, “Amalawi kuno tilipo angati? Mawu ake ndiwazindikira, iyenso azindikira anga.”

A Maureen anandiitana. “Mumawadziwa bambo amenewa?”

“Timapemphera limodzi. Iwo amaimba, ine ndimatsegula pakamwa.”

Sanaseke. Anati lamulo silikonda kuti wantchito aziyendera munthu amene amadziwana naye kunja. Koma a Chisale anali atanena okha kuti ngati kulankhula kuli kofunika, alankhula ndi a Mbewe, poti ndine wamkulu ndipo sindinamvekepo ndi miseche. “Ndikulolani,” anatero a Maureen, “koma ndikupempha chinthu chimodzi. Chilichonse chokhudza moyo wa munthuyu chimene mudzamve kutchalitchi kapena kwina, chibwere patebulo lino.” Ndinavomera msanga, monga mmene munthu amavomerera zimene akuganiza kuti sizidzachitika.

Ulendo woyamba tinakhala kuseri kwa nyumba yawo ku Balga, pafupi ndi kadimba ka nkhwani kamene anadzala mumchenga wa kuno. Theka la ola linatha tikungoyang'ana masamba. Kenako anati, “A Mbewe, m'Chingelezi ndimatha kunena kuti ndatopa. Koma chili munomu si kutopa.” Anayamba kulankhula, ndipo analankhula miyezi. Zimene anandiuza sindilemba, ndi zawo. Ndilemba chimodzi chokha chimene anandipempha. “M'nyumba muno aliyense amandigwira ngati dzira. Ndikalowa, nkhani imasintha. Inu musamatero. Chikakhala choipa, muzingondiuza.”

2020: Foni

Mliri wa korona utafika, anatipatsa laputopu, foni ndi fomu, n'kutiuza kuti tizigwirira ntchito kunyumba. Fomuyo inali ndi mafunso ake: mwagona bwanji, mwadya, mwamwa mankhwala, mwakhala ndi maganizo odzivulaza. Pansi penipeni panali kabokosi kofunsa ngati pachitika chatsopano chimene chingaike wodwala pangozi. Anzathu awiri anasiya ntchito, ndipo poti malire a boma lino anali otseka, panalibe wobwera kudzalowa m'malo mwawo. Anthu awo anagawidwa kwa ife otsala. Ola limene ndinkakhala ndi munthu linasanduka mphindi khumi. Foni simva fungo la mbale za sabata yatha. Siona kuti makatani sanatsegulidwe, kapena kuti lamba waboola bowo lina. Mkulu wina amene ndinkamuyendera sankayankha foni n'komwe, chifukwa mawu opanda nkhope anali kale vuto lake. Maulendo anayambiranso patapita miyezi, koma ochepa, poti akuluakulu anali ataona kuti foni ndi yachangu. Ndinalemba makalata atatu odandaula, odzaza mawu aakuluakulu amene ndinawatola m'mabuku. A Maureen atawerenga yachitatu anati, “Mfundo yanu ndi yoona, koma mawu awiri ndachita kukayang'ana m'dikishonale.” Ine ndinamva ngati andiyamikira. Kalatayo sinayankhidwe.

A Chisale chaka chimenecho anayamba kupeza bwino. Anabwerera kuntchito masiku atatu pasabata. Chimene chinkawagwira kwambiri si ine, si mankhwala okha ayi. Lamulungu lililonse masana ankaimbira amayi awo kumudzi, cha ku Dedza, kudzera pafoni ya mng'ono wawo. Gogoyo sankadziwa dzina la matenda a mwana wake. Ankangofunsa ngati wadya, n'kumuuza za mvula ndi za mbuzi ya aneba yosamva. A Chisale ankati malire akangotsegulidwa akawaona. Koma mu Januwale 2021 mliri unakula kwathu. Ukatsegula watsapu m'mawa unkapeza zithunzi za anthu amene unaphunzira nawo, pansi pake mawu a chisoni. A Chisale anayambanso kufupikitsa mayankho.

Febuluwale 2021: Lolemba mpaka Lachinayi

Lamulungu lomaliza la Januwale boma linalengeza m'bindikiro wa masiku asanu. A Maureen anati odwala amene tikuwadera nkhawa tiziwaimbira tsiku lililonse, ndipo a Chisale anali pamndandandawo. Lolemba m'mawa, ndisanaimbire aliyense, foni yanga inalira. Anali Mayi Chisale, akulankhula ali m'galimoto panja pa nyumba yosamalira okalamba ku Midland kumene ankagwira ntchito.

“Bambo Mbewe, apongozi atisiya dzulo. Akuika lero lomwe, akuti malamulo a mliri salola kugoneka maliro. Bambo akunyumba sakudziwa. Alamu ndawauza kuti asawayankhe foni.”

Pafoni pomwepo anali atalumikizanso a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, dalaivala wa basi, munthu amene waikitsa maliro ambiri kuno kuposa wina aliyense. Iwo anati, “A Mbewe, inu ndinu wamkulu, mukudziwa. Uthenga wa mayi wobereka sunenedwa pafoni. Timapita anthu, timakhala pansi, wina kumanja wina kumanzere, tiyambe ndi pemphero. Nanjinanji munthu wake ndi wodwala kale. Lachisanu madzulo atitsegulira, Loweruka m'mawa tipita tonse.”

Ndinati ndiyenera kudziwitsa kuofesi. A Kamwendo anandidula.

“Mukauze azunguwo? Amuimbira lero lomwe, amuuza ngati akulengeza nthawi ya basi. Akatero amunyamula kupita naye kuchipatala. Ndiye mudzati mwamuthandiza?”

Mayi Chisale anayamba kulira. “Ine ndili pashifiti sabata yonse, anthu ndi ochepa kuntchito. Akadziwa lero azitsala okha m'nyumba tsiku lonse. Kalata ija mukuikumbukira, bambo. Chonde.”

Ana anga, musaganize kuti mwambo umenewu ndi wopusa. Bambo anga atamwalira, ine ndili pantchito ya makiyi ija, amalume anakwera basi tsiku lathunthu kudzandiuza pamaso. Anayamba andidyetsa, anandikhazika pansi, anandigwira phewa, kenako ananena. Mpaka lero ndimawathokoza. Koma amalume anachedwa ndi ulendo, sanakhale nane masiku anayi akundifunsa za tulo uthenga uli m'thumba. Ndipo pali chinthu chimene a Kamwendo sankadziwa koma ine ndinkachidziwa bwino: ngakhale m'bindikiro, wantchito za umoyo ankaloledwa kukaona wodwala amene ali pangozi. Ndikanauza a Maureen, tikanatha kupita Lolemba lomwelo. Nanga n'chifukwa chiyani ndinakhala chete? Ndadzifunsa mokwanira. Ndinaopa kuti a Kamwendo adzati Mbewe wasanduka mzungu. Ndinaopa kuti a Maureen adzati nkhani yalowa za kutchalitchi, n'kundichotsa kwa a Chisale. Ndipo panali kakunyada. Ndinkadziona ngati munthu yekhayo mu Perth wodziwa za kwathu ndi za kuno zomwe, woti atha kuyendetsa zonse ziwiri popanda wina kumuuza. Munthu wa Fomu 2 akawerenga mabuku ambiri yekha, palibe womuimitsa kuti apa walakwa.

Ndinati, “Chabwino. Loweruka.”

Sabata imeneyo moto wolusa unabuka kumapiri a kum'mawa kwa Midland. Kunkatentha koopsa, dzuwa linkaoneka lofiira masana, ndipo phulusa linkagwa pagalimoto ngati ufa. Anthu ankauzidwa kuti akhale m'nyumba chifukwa cha mliri, ena akuuzidwa kuti athawe m'nyumba chifukwa cha moto. Lolemba ndinaimbira a Chisale, ndinafunsa mafunso a pafomu, anayankha. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, nditatha mafunso anga, anati ali ndi lawo.

“Lamulungu foni ya mng'ono wanga inangoitana. Dzulo ndayesa, ndi yozimitsa. Inu mwamvako chilichonse cha kwathu?”

Ndinayang'ana khoma. Ndikukumbukira kuti fani inkazungulira n'kumatukula ngodya ya fomu.

“Magetsi a kwathu mukuwadziwa, a Chisale. Mwina alibe potchajira.”

Anaseka pang'ono. Kanali koyamba kuwamva akuseka chiyambireni chaka chimenecho. “Zoonadi. Mwandikhazika mtima pansi, a Mbewe.”

Nditadula foni ndinafika pa kabokosi ka pansi kaja, kofunsa ngati pachitika chatsopano. Ndinalemba kuti palibe.

Chimene sitinachiganizire, amuna awiri anzeru ife, ndi amayi a mpingo. A Kamwendo anauza akazi awo, akazi awo anauza anzawo, ndipo onse analangizidwa kuti asanene kanthu. Sananenedi kanthu. Koma mayi wa kwathu sangamve kuti pakhomo pa mnzake pagwa maliro, manja ake n'kukhala osaphika. Anapirira masiku atatu. Lachinayi cha m'ma leveni foni yanga inalira, ndipo aka kanali koyamba kuti a Chisale andiimbire okha.

“A Mbewe, pakhomo panga pali mabakuli anayi. Mpunga, nyemba, nkhuku, mandasi. Mayi Kamwendo ndawaona pawindo, avala chitenje ndi mpango kumutu. Aika pansi, abwerera kugalimoto osagogoda. Ine ndine Mmalawi. Wamwalira ndani?”

“Ndikubwera, a Chisale. Khalani pomwepo.”

“Ndiye kuti mukudziwa.”

Foni inaduka. Ndinaimbanso, sinayankhidwe. Ndinaimbira a Maureen n'kunena zonse m'mpweya umodzi. 

“Mwadziwa liti?”

“Lolemba.”

“Zimenezo tidzakambirana. Panopa kwerani galimoto, tikumana kumeneko. Mkazi wawo ndimuimbira ine.”

Msewu wopita ku Balga unali wopanda anthu. Njira yonse ndinkaganiza za kalata ija ya 2019, ndipo pemphero limene ndinapemphera silinali ndi mawu aakulu ngakhale amodzi. Tinapeza mabakuli ali pomwepo, nyerere zitayamba kale kulondola. Chitseko chinali chosakhoma. A Chisale tinawapeza kuseri, atakhala pansi pamchenga pafupi ndi nkhwani wawo, masamba ake atayera ndi phulusa. Anali amoyo. Ndinamva chimwemwe chimene ndinalibe nacho ufulu. Ndinaima patali monga lamulo linkanenera, masiki ili kukamwa, osawagwira ngakhale phewa. Uthenga umene tinkausungira pemphero, nyimbo ndi anthu kumanja ndi kumanzere ndinaunena ndili chiimire ngati wapolisi.

“Amayi anatisiya Lamulungu. Anaikidwa Lolemba.”

Anawerenga masikuwo pazala, pang'onopang'ono.

“Lachitatu ndinakufunsani.”

“Munandifunsa.”

“Munati magetsi.”

Sanalire. Anatembenukira kwa a Maureen, ndipo kuyambira pamenepo anayankha mafunso awo m'Chingelezi, mwaulemu, mwachidule. Ine sanandiyang'anenso.

Miyezi yotsatira

Loweruka akuluakulu anapitabe monga anakonzera. Anaimba pabalaza, a Chisale atadzitsekera kuchipinda. Masiku otsatira analeka kudya. Analeka kumwa mankhwala, akuti adziwa bwanji kuti ndi omwe aja. Ankatenga foni ya akazi awo n'kumafufuza kuti wina ndani wafa amene sanauzidwe. Chimenechi dokotala anachilemba ngati chizindikiro cha matenda, koma ine ndinkadziwa kuti munthuyo ankangochita zimene tinamuphunzitsa. Patatha masabata awiri anawatengera kuchipatala. Anakhala masiku awiri pampando kumalo a matenda adzidzidzi, chifukwa kuwodi ya maganizo kunalibe bedi. M'wodimo anakhalamo kupitirira mwezi. Potuluka anapempha chinthu chimodzi: wowayendera akhale munthu wosadziwa Chichewa.

A Maureen anandiitanira muofesi, anatseka chitseko. “Ndinakupemphani chinthu chimodzi,” anatero. Ndinafotokoza za mwambo, za amalume, za kumanja ndi kumanzere. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

“Mwambo wanu sindikuutsutsa. Mayi anga atamwalira ndinamva pafoni ndili mu shopu, ndipo ndikanakonda wina akanandikhazika pansi. Mukanandiuza Lolemba, tikanapempha kuti mkazi wawo apatsidwe tchuthi. Tikanapita inu ndi ine, mkulu wa mpingo wanuyo ali pafoni kapena kuseri kwa mpanda akupemphera. Mwina zikanavutabe. Koma simunandipatse mpata woyesa.”

Ndinalandira kalata yondichenjeza, yoyamba ndi yomaliza pa ntchito zanga zonse. Ndinkayembekeza kuti andichotsa. M'malo mwake anandipatsa ntchito ina pamwamba: ndilembe masamba awiri ofotokozera anzanga mmene anthu akwathu amanenera maliro, ndi chimene wantchito achite akamva uthenga wodwala asanamve. “Masamba awiri,” anatero, “ndipo ndisagwire dikishonale.” Zinanditengera masabata atatu. Kenako tinayamba kukumana ndi akuluakulu a mipingo ya anthu akwathu, Loweruka masana, m'kaholo ka tchalitchi, a Maureen atanyamula mabisiketi. Ulendo woyamba a Kamwendo anakhala kumbuyo atapinda manja. Pomaliza anaimirira.

“Ife tinachita monga anatiphunzitsira makolo.”

“Zoona, akulu,” ndinatero. “Koma makolo ankanyamuka tsiku lomwelo. Ife tinatenga mwambo wa tsiku limodzi n'kuukoka mpaka Loweruka.”

Anakhala pansi. Koma chakumapeto kwa chaka chomwecho, bambo a mayi wina amene bungwe linkamuyendera atamwalira kwathu, a Kamwendo ndiwo anaimba foni kuofesi m'mawa womwewo. Pofika masana iwo, akazi awo ndi namwino wathu anali atakhala naye mayiyo pamphasa. Analira mokwanira, ndipo sanagonekedwe m'chipatala. Mayina a kwathu anayamba kuoneka pamndandanda, awiri, kenako ena. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti china chinakonzeka. Sindikulemba kuti chilipire chinacho.

2022: Kutsanzika

Malire atatsegulidwa mu Malichi, a Chisale anapita kukaona manda n'kubwerako. Kutchalitchi sanabwererenso, ndipo besi ya kwaya inakhala yopanda mwini. Ine mawondo anali atayamba kukana masitepe a m'mafulati, ndiye ndinalemba kalata yopuma ntchito. Ndisanabweze kagalimoto koyera ndinapempha kudzera kwa Mayi Chisale ngati ndingabwere, osati ngati wantchito, koma ngati munthu. Yankho linatenga masabata awiri. Anati ndibwere Loweruka m'mawa.

A Chisale anandilandira pakhonde, pamipando yapulasitiki. Anali atanenepa pang'ono, nkhope ili yosalala. Tinapatsana moni wonse, wa ana, wa akunyumba, wa ulendo wa kumudzi. Mayi Chisale anabweretsa tiyi n'kulowa m'nyumba. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma ndinangoti, “A Chisale, ndinakunamizani. Pepani.”

Anazunguza supuni m'kapu nthawi yaitali.

“Amayi a mabakuli sindinawakwiyire,” anatero. “Sabata yonse ija iwo okha ndiwo anandiuza zoona. Akazi anga ndinawakhululukira, ankaopa kundipeza nditafa. A Kamwendo sadziwa zina, ndi mmene alili. Koma inu, a Mbewe, tsiku lililonse munkandifunsa ngati ndikuganiza zodzipha. Munkati ndikuuzeni zoona ngakhale zikhale zoipa bwanji. Ndipo ine ndinkakuuzani.”

“Munkandiuza.”

“Lolemba lija amayi akulowa m'manda, ine ndinali pano ndikukuuzani kuti ndadya buledi ndi tiyi. Ndikanadziwa ndikanakhala pansi ola limenelo. Ndikanavula nsapato. Sindikanapita, ndikudziwa, koma ndikanakhala nawo. Limenelo ndi tsiku limodzi, silibweranso.”

Kamodzi m'moyo wanga sindinafunefune mawu.

“Sindikusungirani mangawa,” anapitiriza. “Ndinayesa kuganiza zoti mubwerere. Koma ndikamalankhula ndizingoyang'ana pakamwa panu kuti mwasunga chiyani.”

Ndinafunsa za amene akuwayendera tsopano. Anati ndi mtsikana wabwino, wosunga nthawi, ndipo amamuyankha mafunso onse. A Chisale atalowa m'nyumba kukatenga mankhwala a m'mawa, Mayi Chisale anatuluka kudzatenga makapu, n'kundinong'oneza kuti, “Amayankhadi onse, bambo. Koma zija ankakuuzani inu sauzanso munthu. Ngakhale ine.”

A Chisale atabwerera pampando ndinatsanzika. Anati, “Pitani bwino, a Mbewe. Mukapereke moni kunyumba.” Ndinaimirira, ndinatenga chipewa, ndinachedwa dala pochivala. Inu okulira kuno mwina simuona kanthu pamenepa, koma kwathu mlendo, ngakhale wodzakangana nawe, umamutulutsa mpaka panjira. Iwo anakhala chikhalire, manja ali pamawondo, akuyang'ana kumsewu. Ndinatsika masitepe awiri a khonde, ndinayenda ndekha mpaka pageti, ndinatsegula, ndinatuluka, n'kutseka ndekha.